NCHITO YA ZILEMBO KU MALAMBO

Munthu wocokera ku Chipata kutsikira ku cigwa ca Luangwa amawerenga njira yonse. Pa Jumbe, pa Masumba mpaka pa Mfuwe, khoma la sitolo liri ndi dzina lake, cigayo ciri ndi cikwangwani, wometa tsitsi ali ndi cake, wokonza njinga nayenso. Zambiri mwa zilembo zimenezi zinalembedwa ndi dzanja, ndipo wolembayo analandira malipiro.

Tachula malipiro mwadala. M'midzi ya m'boma la Mambwe, mwana wokongoletsa cikuto ca kope lake ndi zilembo amadzudzulidwa kuti angotha inki pacabe. Makolo amafuna kuti akatsiriza Giledi 12 akhale kalaliki, mphunzitsi kapena woperekeza alendo oona nyama m'paki ya South Luangwa. Nchito zimenezo nzabwino, koma malo ake ndi owerengeka, ndipo otsala amakhala pakhomo kudikira kalata yosabwera. Pakati pao alipo amene dzanja lao linakonda zilembo kuyambira ali ang'ono.

Nchitoyi iri ndi malamulo ake. Mmisiri asanakhudze utoto amayamba wapima khoma, namenya mizere iwiri ndi cingwe copaka coko. Kenaka amawerenga zilembo za dzinalo, napeza cilembo capakati, kuti asafike kumapeto kwa khoma mau asanathe. Tonse tinaziona zikwangwani zoyamba ndi zilembo zonenepa ndi kutsiriza ndi zoonda zopanikizana ngati anthu m'basi ya pa Khirisimasi.

Mpata wa pakati pa zilembo rula sangauweruze. Limaweruza ndi diso. A ndi W zikatsatana ziyenera kuyandikizidwa, cifukwa mbali zake nzopendekeka. M ndi N zimafuna mpata wokulirapo. O amalembedwa wopyola mzere pang'ono pamwamba ndi pansi, apo ai amaoneka wamng'ono pakati pa anzake. Ndipo cikwangwani ca pamseu cimafuna zilembo zosakongoletsa kwambiri, pakuti woyendetsa galimoto alibe nthawi yomasulira maluwa.

Cinyanja cathu ciri ndi misampha yakeyake. Kakoma kapamwamba ka mu ng' kamaoneka kacabecabe, koma ng'oma ndi ija tiyimba pa Malaila, pamene ngoma ndi nyama ya nyanga zopotana imene alendo amadzaona m'paki. Mmisiri woiwala kakomako wagulitsa nyama m'malo mwa ng'oma, ndipo colakwa ca utoto cimakhala pakhoma zaka, ana a sukulu akuciwerenga tsiku ndi tsiku.

Kukonda zilembo si cinthu ca lero. Johannes Gutenberg wa ku Mainz, m'dziko la Germany, anaumba zilembo zacitsulo cimodzicimodzi, nasindikiza nazo Baibulo ca m'ma 1455. Kwa zaka mazana anai otsatira, osindikiza mabuku anali kutola zilembo zotere ndi zala, nazindandalika cobwerera m'mbuyo kuti papepala zituluke zoongoka. Lero kompyuta yapeputsa nchitoyo, koma zilembo ziri m'foni yanu anacita kuzijambula munthu.

Kufupi ndi kwathu kuno, Bambo Nolence Mwangwego a ku Malawi, amene anabadwira ku Mwinilunga m'caka ca 1951, anayamba mu 1979 kupanga zilembo zatsopano zolembera zinenero za ku Malawi. Anazitsiriza mu 2003, patapita zaka 24. Zilembozo sizinalowe m'masukulu a boma, koma iwo anapitiriza kuziphunzitsa kwa ofuna. Ku Zimbabwe, Bambo Saki Mafundikwa anatsegula sukulu ya luso lotere mu Harare m'caka ca 1999, ndipo mu 2004 anatulutsa buku la zilembo za mu Africa.

Tisanamize owerenga athu kuti nchitoyi njosavuta. Nsaru ndi mapepala osindikizidwa pa makina ku Chipata zikulanda makasitomala, ngakhale kuti dzuwa la mu Okutobala kuno ku Malambo silicedwa kuzisuwitsa. Dzinja likafika, misasa yambiri ya alendo imatsekedwa, ndalama zimasowa pamsika, ndipo wa sitolo amati dzina lidikire masika. Cifukwa cake mmisiri wanzeru sataya khasu.

Mnyamata kapena mtsikana wofuna kuyamba safunika cuma cambiri: maburashi atatu osiyana kukula, rula, coko, parafini wotsukira, ndi zitini ziwiri za utoto, wakuda ndi woyera. Ayambe wapempha mmisiri wakale kuti azimgwirira makwerero ndi kumsakanizira utoto kwa miyezi ingapo. Asanapake khoma la mwini, alembe dzinalo papepala, mwini sitolo aliwerenge, ndipo agwirizane mtengo ndi ndalama ya cikole utoto usanatsegulidwe.