TIYI WA M'NKHALANGO ZA KU YUNNAN

Ambiri a inu mwaonapo minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene tiyi amalekeza m'chiuno mwa munthu. Koma kodi mudziwa kuti tiyi ndi mtengo ndithu? Amafupika chifukwa chomudulira kawirikawiri kuti othyola asavutike. Akamuleka, amakula kupitirira denga la nyumba.

Kwawo kwa mtengo umenewu ndi kumapiri a Yunnan, chigawo cha kumwera chakumadzulo kwa dziko la China, ndi maiko oyandikana nacho. Kumeneko kuli mitengo ya tiyi ya zaka mazanamazana. Ina inamera yokha m'nkhalango. Ina inabzalidwa ndi makolo akale pansi pa mitengo ikuluikulu yachilengedwe, nikula monga mitengo yam'tchire. Pofuna masamba ake, amuna ndi akazi amachita kukwera m'mwamba, thumba lili pambali.

KAPANGIDWE KAKE

Kuthyola kofunika kwambiri kumachitika m'miyezi ya March ndi April, masamba anthete akangophuka. Poyamba amawayala pamthunzi kuti afote. Akafota amawafikisa ndi manja kapena ndi makina mpaka madzi ake atuluke. Kenaka amawaunjika kwa maola angapo, ndipo mpweya umawasandutsa ofiirira, monga momwe nthochi yosenda imaderapo ikakhalitsa. Potsiriza amawaumitsa pamoto kapena padzuwa. Ife timati tiyi wakuda poona masamba ouma, koma eni ake amati tiyi wofiira poona madzi ake m'kapu. Ku Yunnan anayamba kupanga tiyi wakuda m'chaka cha 1939, pamalo otchedwa Fengqing.

Mitengo yakaleyi inamera ku njere, choncho mizu yake inazama kwambiri ndipo sivutika msanga ndi chilala. Masamba oyoyoka m'nkhalango ndiwo manyowa ake. Mbalame ndi akangaude amadya tizirombo, kotero mankhwala safunika. Masamba amene mtengo umodzi upatsa ndi ochepa, koma ogula amakonda kafungo kake ndipo amalipira ndalama zambiri kuposa za tiyi wam'munda.

MAWU A AKULU

Paphiri la Jingmai pamakhala anthu a mtundu wa Blang ndi wa Dai. A mtundu wa Blang amasimba kuti kholo lawo, Pa Aileng, linaona kuti ng'ombe zingafe ndi matenda, ndipo golide angathe pomudya. Tsono linasiyira ana ake mitengo ya tiyi, niliwalamula kuti aisunge. Mawu a akulu akoma akagonera: m'chaka cha 2023 bungwe la UNESCO linalemba nkhalango za tiyi za phirili m'gulu la malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi.

Koma ndalama zinadza ndi mavuto ake. Tiyiyu atakwera mtengo, ena anayamba kupulula masamba onse mpaka mitengo kufooka. Ena ankazula mitengo yakale kukaibzala kwina, ndipo yambiri inkauma. Enanso ankasakaniza tiyi wam'munda namugulitsa ngati wam'nkhalango. Chifukwa cha zimenezi, boma la Yunnan linaika lamulo, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 March 2023, loteteza mitengo ya tiyi ya zaka 100 ndi kupitirira. Munthu saloledwa kuidula kapena kuisamutsa popanda chilolezo.

Inu alimi, kuno kwathu tiyi wam'tchire kulibe, koma masuku, malambe, bwemba ndi misangu tili nayo. Mlambe wokalamba sangaubweze mwana wanu ngakhale mdzukulu wanu mukaugwetsa lero. Musanatenge nkhwangwa kapena kuyatsa tchire chaka chino, kambiranani ndi anyakwawa za mitengo imene mudzi wanu uyenera kuisiya.