Kodi mumadziwa? Pulogalamu yoyeretsa kompyuta imatha kufufuta foda yofunika

M'maesiteti a tiyi ku Thyolo, malipiro a wothyola masamba amadalira makilogalamu olembedwa pa sikelo. Kalaliki akasunga mafayilo a makilogalamu ndi malipirowa mu foda ya Downloads pa kompyuta, ali pangozi.

Mu 2018 kampani ya Microsoft inaika foda ya Downloads pamndandanda wa zomwe pulogalamu yoyeretsa ya Disk Cleanup ya Windows 10 ingafufute, kenako mu 2020 inaichotsapo. Storage Sense ya mu Windows nayo, mukaichuna motero, imafufuta mafayilo a mu Downloads omwe atha masiku angapo osatsegulidwa.

Pulogalamu ina yoyeretsa kompyuta yotchedwa CCleaner ili ndi malo otchedwa Exclude, pomwe mumalembapo mafoda osayenera kukhudzidwa. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Lamuloli limangotsata njira yeniyeni ya foda monga munailembera. Mukasintha dzina la fodayo kapena kuisamutsa, pulogalamuyo siizindikiranso ndipo ikhoza kuifufuta. Choopsa n'chakuti zofufutidwa motere nthawi zambiri sizipita mu Recycle Bin.

Musanadine Run Cleaner mu CCleaner, dinani kaye Analyze muone zomwe zichotsedwe. Mafayilo a malipiro muziwakopera pa fulashi sabata iliyonse.