Parole: Mkaidi Womangidwa ndi Mau Ake

Lamulungu lina titatuluka m'chalichi, tinapeza anthu ataunjikana pansi pa mtengo wa mango, mkangano uli mkati. Nkhani inali ya mnyamata wa m'dera lathu amene anagamulidwa zaka zitatu cifukwa ca kuba matumba a cimanga, koma wabwera kumudzi nthawi isanakwane. Ena anati wathawa, ena anati abale ake anapereka ciphuphu, enanso anati a Pulezidenti amukhululukira. Mwini wake anangoti, "Ndatuluka pa parole." Anthu anayang'anizana, cifukwa liuli timangolimva pa wailesi koma tanthauzo lake sitilidziwa bwino.

Liu la parole Angelezi analitenga ku Cifalansa, kumene limatanthauza mau olankhula kapena lonjezo. Kale ku Ulaya, msilikali wogwidwa pankhondo ankamasulidwa akalonjeza kuti sadzathawa kapena kunyamulanso cida. Cingwe ankamumasula, mau ake ndiwo ankamumanga. Ife amene tinalawako Cilatini ku seminale tikumbukira kuti gwero lake ndi parabola, liu lomwelo lonena za mafanizo a Ambuye Yesu.

Lero parole ndiko kutulutsa mkaidi nthawi yake isanathe, kuti akatsirizire cilango ali kunyumba, motsata malamulo amene wapatsidwa. Muno m'Zambia njirayi inalowa m'lamulo la ndende mu 2004, ndipo bungwe loona za nkhanizi ndi National Parole Board. Lamulo la nthawi imeneyo linkalola mkaidi wogamulidwa zaka ziwiri kapena kuposerapo kupempha parole kukatsala miyezi 6 kuti atuluke. Mu 2016 dzina la nthambi ya ndende linasintha kukhala Zambia Correctional Service, kusonyeza kuti colinga ndi kukonza munthu, osati kumulanga cabe.

Tisasokoneze zinthu zitatu izi. Belo ndi ya munthu amene mlandu wake ukali kukhoti. Cikhululukiro ca a Pulezidenti, cimene timacimva kawirikawiri pa 25 May ndi pa 24 October, cimacokera ku mphamvu za mtsogoleri wa dziko. Koma wa parole sanakhululukidwe. Akali mkaidi, kungoti ndende yake tsopano ndi mau ake. Ayenera kukhala pamalo pamene analembetsa, kuonekera kwa ofisala womuyang'anira ndi kupewa mlandu wina uliwonse. Akaphwanya lonjezo, abwerera kukatsiriza masiku otsalawo.

Apa ndiye pali mbali yathu. Munthu wocoka ku Namuseche ku Chipata kapena ku Mukobeko ku Kabwe amafika manja ali m'thumba. Munda wake unamera chire, mwina abale anagawana. Alibe mbeu, alibe feteleza, ndipo ku kopaletivu dzina lake linafufutidwa. Nkhuku ikasowa m'mudzi, maso onse ali pa iye. Kodi munthu wotere adzasunga bwanji mau ake ngati aliyense amukaniza ngakhale ganyu yopalira?

Sitikunena kuti amene anaberedwa aiwale msanga. Cimanga cija cinali cakudya ca ana ao caka cathunthu, ndipo mkwiyo wao ndi womveka. Wobwerayo ayenera kupita ndi akulu a banja lake kukapepesa pamaso pa a nyakwawa, ndi kubweza pang'onopang'ono cimene angathe. Kulapa kopanda kubweza nkwa pakamwa cabe, monga timaphunzitsira ana okonzekera kulapa koyamba.

Koma nafenso tili ndi ngongole. A nyakwawa amuonetse pomwe angalime mvula isanagwe. Akhristu a m'dera lake amubwereke khasu ndi mbeu ya nshawa, adzabweze pokolola. Tsiku lokaonekera kwa ofisala likafika, wina amubwereke njinga, cifukwa kujomba tsikulo kungamubwezere kundende. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mnyamata uja tsopano amakhala kumbuyo kwenikweni m'chalichi, ndipo amatuluka Misa isanathe kuopa maso a anthu. Lamulungu likudzali tiyeni timupatse moni pakhomo, timufunse ngati munda waupeza. Boma linamukhulupirira pa mau ake. Ife amene timamva mafanizo a cifundo sabata ndi sabata, tidzalephera kodi?