Kaliwu Kakang'ono "The": Tikagwiritse Ntchito Motani?

Tiyerekeze kuti mlendo wafika pa parishi kudzafuna Bambo Mfumu, ndipo katekisiti wamuyankha m'Chingerezi kuti "Father is in prison." Mlendoyo adzabwerera ndi mbiri yakuti Bambo amangidwa, chonsecho iwo angopita kukacheza ndi akaidi. Yankho loyenera linali "Father is at the prison." Taonani m'mene kaliwu kakang'ono kangaipitsire mbiri ya munthu kakasowa pamalo pake.

Kaliwu aka kamapezeka kawirikawiri kuposa mawu ena onse m'Chingerezi. Kanachokera ku mawu olozera a Chingerezi chakale, ndipo gwero lake ndi limodzi ndi la "that". Chichewa chilibe liwu lofanana nako ndendende, monganso Chilatini chilibe, n'chifukwa chake ambiri a ife timakaponya paliponse kapena kukasiya kumene.

Ntchito yake yaikulu ndi imodzi: kudziwitsa womvera kuti chinthu chikunenedwacho akuchidziwa kale. Ifenso timachita zomwezi ndi mawu monga "uja", "ija" ndi "chija". Poyamba nkhani timati, "Kunabwera mnyamata wina," ndiye kuti "A boy came." Pambuyo pake timati, "Mnyamata uja wabweranso," ndiye kuti "The boy has come again." Choncho musanalembe, dzifunseni: kodi pano ndinganene kuti "uja" kapena "chija"? Ngati n'kutheka, "the" ndi woyenera.

Chinthu chimadziwikanso pamene chilipo chimodzi chokha. N'chifukwa chake timati "the sun", "the moon", "the Pope", ndiponso "the first" kapena "the best", pakuti woyamba ndi mmodzi ndipo wopambana onse ndi mmodzi. Nyumba iliyonse yopemphereramo ndi "a church", koma Mpingo wonse ndi "the Church".

Pamene tikunena za chinthu mwachisawawa, osaloza china chake, kaliwu aka sikafunika. Chimanga chikakwera mtengo m'dziko lonse timati "Maize is expensive." Koma ponena za chimanga cha m'nkhokwe yathu timati "The maize in our granary is finished," chifukwa tsopano tachiloza.

Palinso mawu ena monga "church", "school" ndi "prison" amene amafuna kusamala kwapadera. Popanda "the" amanena za cholinga cha malowo. Wopita kukapemphera amati "I am going to church," koma mmisiri wokakhoma denga amati "I am going to the church," pakuti iye akunena nyumbayo. Apa ndi pamene katekisiti uja anapunthwa.

Maina nawo ali ndi mwambo wake umene uyenera kungolowezedwa. Mitsinje ndi nyanja zamchere zimatenga kaliwuka: "the Shire", "the Zambezi", "the Indian Ocean". Koma timati "Lake Malawi" ndi "Mount Mulanje" popanda kanthu patsogolo. Maiko ambiri, monga Malawi ndi Zambia, sakatenga, kupatula ena monga "the Netherlands" ndi "the United Kingdom". Udindo ukatsagana ndi dzina, kaliwuka kamachoka patsogolo: timati "the Pope", koma "Pope Leo XIV". Komabe powerenga mokweza dzina la Papa ameneyu, amene anasankhidwa mu 2025, timati "Leo the Fourteenth".

Abale ndi alongo, ambiri mwa inu mumalemba makalata opempha ntchito, malipoti a ku dayosizi, kapena mumathandiza ana okonzekera mayeso a MSCE. Mukatha kulemba, werenganinso mofatsa, ndipo pa dzina la chinthu chilichonse imani ndi kufunsa ngati wowerenga akudziwa chimene mukuloza. Funso limeneli lokha lidzakonza zolakwa zambiri kalata isanatuluke m'manja mwanu.