Bokosi la seva si chovala chongobisira mawaya

Pali mawu ena amene afika ponditopetsa pa ntchito yathu yomanga ndi kukonza makompyuta: "Bokosi ndi bokosi basi, bola likhale laling'ono." Amene amalankhula chonchi ndi anthu ofuna kumanga seva yapanyumba, kompyuta ija imangokhala pakona usana ndi usiku n'kumasunga zithunzi za banja, mafilimu ndi mapepala a bizinesi kuti aliyense m'nyumbamo azizipeza pa foni kapena pa laputopu. Munthu amatha milungu itatu akufunsa za purosesa ndi RAM, koma bokosi loikamo zonsezi amalisankha m'mphindi ziwiri, poona chithunzi chokongola pa intaneti. Mwina vuto limayambira pa dzina: ambiri bokosi lonselo amalitcha CPU, chikhalirecho CPU yeniyeni ndi kachipangizo kochepa ngati bisiketi kobisika m'katimo. Chinthu chimene sitikuchidziwa n'dzina lomwe sitingachiganizire mofatsa. Ine ndikuti pa seva bokosi ndi limene limalamula kayendedwe ka mpweya, ndipo mpweyawo ndi umene umasunga moyo wa madisiki.

Kompyuta ya muofesi imakhala ndi chosungira chimodzi, masiku ano kawirikawiri SSD yopanda chozungulira chilichonse, ndipo madzulo imazimitsidwa n'kupuma. Seva sipuma. M'kati mwake mumakhala madisiki akuluakulu aja a mainchi 3.5, amene mbale zake zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, chaka chathunthu. Disiki iliyonse imadya magetsi okwana mawati 5 mpaka 9 ikamagwira ntchito, ndipo pafupifupi magetsi onsewo amasanduka kutentha. Imodzi payokha si nkhani. Koma sanjikizani asanu ndi imodzi mothithikana, mpata wapakati pake wosalowa n'chala chomwe, ndiye kuti mwakoleza kambaula ka mawati 40 kapena kuposa pamalo ochepa kwambiri. Opanga madisiki ambiri amalemba kuti malire ake ndi madigiri 60 kapena 65, koma malirewo ndi m'mphepete mwa phompho, si malo oti munthu n'kumangapo nyumba. Disiki yapakati pa mulu ndi imene imapsa kwambiri, chifukwa anzake aitsekera mbali zonse ziwiri.

Taonani mabokosi awiri odziwika bwino, ofanana kukula. Node 304 ya kampani ya Fractal Design ndi ya malita pafupifupi 19.5 ndipo imatenga madisiki asanu ndi imodzi. Madisikiwo amalendewera awiriawiri kumbuyo kwenikweni kwa mafani awiri a mamilimita 92, ndipo kumbuyo kwa bokosi kuli fani ina ya mamilimita 140 yotulutsa mpweya wotentha. Mpweya ulibe kothawira, uyenera kudutsa pakati pa madisiki ufune usafune. DS380 ya SilverStone imaoneka yapamwamba kuposa pamenepo: tizitseko tisanu ndi titatu kutsogolo, disiki mumangoisolola ngati dilowa, ndipo pambali pali mafani awiri a mamilimita 120. Komatu eni ake ambiri anapeza kuti mpweya wa mafaniwo umazemba, umalambalala khola la madisiki n'kuthamangira kumene kuli mpata. Mankhwala amene anatchuka ndi oseketsa: kudula katoni n'kuimata ndi tepi pakati pa mafani ndi kholalo kuti mpweya ukakamizike kulowa m'madisiki. Bokosi lamtengo wake kupulumutsidwa ndi chidutswa cha katoni! Mpweya uli ngati madzi a mvula, umatsata njira yofewa, ndipo kuchuluka kwa mafani sikutanthauza kanthu ngati njirayo sidutsa pamene pakutentha.

Anzanga owerenga kwambiri anditsutsa, ndipo ali ndi poyambira. M'chaka cha 2007 akatswiri a ku Google anatulutsa kafukufuku wa madisiki opitirira 100,000, ndipo anapeza kuti kutentha sikunkapha madisiki mofulumira monga mmene anthu ankaganizira. Ena ozizira kwambiri ndi amene ankafa msanga. Zimenezi n'zoona. Koma amene amagwira mawu a kafukufukuyu amaiwala zinthu ziwiri. Madisikiwo anali m'nyumba zazikulu za maseva zimene mpweya wake umayang'aniridwa usana ndi usiku, osati pabalaza la nyumba yamalata mwezi wa Okutobala, pamene ku Chigwa cha Shire kutentha kumadutsa madigiri 40 kompyuta isanayatsidwe n'komwe. Komanso kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti pa madisiki a zaka zitatu ndi zinayi, otentha kwambiri ankawonongeka mochuluka. Nanga madisiki amene ambirife timaika m'maseva apanyumba ndi azaka zingati? Ochuluka ndi akaunjika, anagwira kale ntchito kwina. Onjezanipo fumbi la m'chilimwe, limene m'miyezi yochepa limaluka kabulangete pa sefa ya fani, ndiye mudzaona kuti bokosi limene ku Stockholm limakwanira bwinobwino kuno likhoza kubanika.

Wina anena kuti nyumba yake ndi yaing'ono, ndipo kuitanitsa bokosi lalikulu kuchokera kunja n'kodula chifukwa onyamula katundu amawerengera kukula kwa phukusi, osati kulemera kokha. Apa sinditsutsa. Chimene ndikupempha n'choti awerengere mtengo wonse wa kuchepako, chifukwa bokosi laling'ono limabwera ndi malamulo ake. Limafuna motherboard ya mtundu wa Mini-ITX, yomwe kampani ya VIA inayambitsa mu 2001, ya masentimita 17 mbali zonse. Pa bolodi lotere pali malo amodzi okha obayirapo khadi yowonjezera, malo awiri a RAM nthawi zambiri, ndipo mabowo a SATA, olumikizirapo madisiki, kawirikawiri sapitirira anayi. Mukafuna madisiki asanu ndi imodzi mugula khadi yotchedwa HBA yowonjezera mabowowo, ndipo malo amodzi aja atha. Khadiyo nayonso imatentha koopsa, poti inapangidwira maseva a m'makampani mmene mphepo imaomba ngati mkuntho. Mabokosi ena, monga Jonsbo N2, salola power supply wamba, amafuna yaing'ono ya mtundu wa SFX, yomwe imadula ndipo ikapsa simungayembekezere kuipeza msanga m'mashopu a m'tauni. Bolodi la microATX, la masentimita 24.4, limangoposa ndi masentimita 7.4 okha mbali iliyonse, koma limachotsa mavuto ambiri mwa amenewa, ndipo nthawi zambiri n'lotchipa. Kugula bokosi musanadziwe kuti muikamo madisiki angati n'kugula mbereko mwana asanabadwe.

Sindikuti aliyense agule chibokosi chonga filiji. Ngati zosunga zanu zikukwana pa ma SSD awiri, kakompyuta kokwana m'manja kakukwanirani ndipo nkhani yonseyi sikukukhudzani. Tizitseko tosololera madisiki tija n'tabwino, koma panyumba disiki mungaisinthe mwina kamodzi pa zaka zingapo, pamene bolodi lakumbuyo kwa tizitsekoto limatchinga mpweya tsiku lililonse. Ine sindingalipirire zimenezo, ngakhale ena amazikonda ndipo ali ndi zifukwa zawo.

Choncho yambani n'kuwerenga madisiki amene mudzafune zaka zitatu zikubwerazi, muwonjezerepo malo amodzi. Kenako funani chithunzi cha m'kati mwa bokosilo, osati cha kunja, mutsate ndi chala njira ya mpweya kuchokera pa fani mpaka potulukira. Ngati sikudutsa pa madisiki, lisiyeni. Fani yaikulu yozungulira pang'onopang'ono imaposa ting'onoting'ono tolira ngati udzudzu, makamaka ngati seva igona nanu chipinda chimodzi. Sefa ya fumbi izichotseka popanda kumasula sikuluu, apo ayi simudzaitsuka. Yezani kutalika kwa choziziritsira purosesa musanalipire, ndipo siyani malo a UPS (batire yothandiza magetsi akazima) pambali, poti kuzima kwa magetsi mwadzidzidzi n'koopsa pa disiki imene ikulemba. Seva ikayamba ntchito musaitsekere m'kabati ya TV. Disiki iliyonse imanena yokha kutentha kwake kudzera mu SMART, ndipo mapulogalamu owerengera zimenezi ndi aulere. Yang'anani manambalawo masana dzuwa litakwera, ndipo yapakati ija ikamakhalitsa pamwamba pa madigiri 45, musadikire kuti ife: sunthani bokosilo, tsukani sefa, kapena dulani katoni yanu lero lomwe.