Kodi mumadziwa?

Kodi mumadziwa kuti galimoto imachepa mphamvu ikafika ku Edingeni?

Galimoto ya petulo yomwe yatsitsidwa m'sitima padoko la Dar es Salaam imataya gawo loposa limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake ikafika ku Edingeni, kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, ngakhale injini yake ilibe vuto lililonse.

Gwero lake ndi mpweya. Dera la Mzimba lili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mpweya wakumtunda ndi wopepuka. Injini imapuma ngati munthu: okosijeni akachepa, petulo wopsa amachepanso. Pa mamita 300 aliwonse omwe galimoto yakwera, mphamvu imatsika ndi pafupifupi 3 peresenti. Injini za turbo sizivutika kwambiri chifukwa zimakankhira mpweya mkati.

Kutentha kumaonjezera vutoli. N'chifukwa chake galimoto yomwe imakoka bwino m'mamawa wozizira wa June imalemera mwendo masana a October, msewu uli womwewo, katundu ali yemweyo. Madalaivala ena amathamangira kwa makaniko, pomwe palibe chaonongeka.

Ku America, ochita mpikisano wa liwiro la magalimoto pamsewu wotalika mamita 402 amazidziwa bwino izi. Magalimoto awiri a Ford Mustang ofanana ndendende amatha kumaliza pa nthawi zosiyana, kutengera kukwera kwa malo, nyengo ya tsikulo ndiponso mmene matayala agwirira phula ponyamuka.