MPANDO WAKUMBUYO WA PEUGEOT 404: NCHITO YAIKULU ILI PANSI PA NSALU

Anthu acikulire ambiri akali kuikumbukira galimoto ya Peugeot 404. Inayamba kupangidwa m'dziko la France mu 1960, ndipo ngakhale kumeneko analeka kuipanga mu 1975, ku Kenya anapitiriza kuilumikiza kufikira mu 1991. Inachuka cifukwa ca kulimba kwake pa miseu ya fumbi, ndipo inapambana mpikisano wa East African Safari kanai: mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Zocepa zimene zatsala lero ndi cuma, pakuti kuli anthu amene amafunafuna galimoto zakale zotere ndi kuzigula pa mtengo wabwino.

Koma mwini wace akafuna kuiukitsa, kawirikawiri amathamangira injini ndi utoto, mpando wakumbuyo n'kuusiya. Comwecotu ndiwo unasenza zambiri: odwala opita kucipatala, ana, nkhuku, matumba a cimanga ndi a fetereza. Ena akaona kuti wang'ambika amangogula nsalu yatsopano ndi kuphimba pamwamba. Kumeneko ndi kutaya ndalama, cifukwa cimene cinang'amba nsalu yakale cikali momwemo ndipo cidzang'ambanso yatsopano.

Mmisiri wodziwa nchito yace amayamba ndi kucotsa mpando wonse m'galimoto, pokhalira ndi cotsamira comwe. Asanaugwire amayang'ana citsulo ca pansi pamene unali. Madzi olowera pa galasi lakumbuyo amakhala pamenepo, ndipo fetereza wotayika amadya citsulo mofulumira koposa madzi. Dzimbiri liyenera kupalidwa ndi burashi yawaya, citsulo n'kupakidwa utoto woletsa dzimbiri. Ngati paboola, aoceleretu, pakuti mpando wokongola wokhala pa citsulo coola ungathe kuvulaza anthu pa ngozi. Galimoto imene inaima zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango simalephera kukhala ndi cisa ca makoswe. Cimeneco cicotsedwe munthu atamanga nsalu kumphuno.

Nsalu yakale imagwidwa ku mafelemu ndi timphete tawaya, timene amadula ndi pulayala. Apa mpamene ambiri amalakwa: amaing'amba mwaukali ndi kuiponya kudzala. Nsalu imeneyo, ngakhale ithe motani, ndiyo cipimo cokha cimene cilipo. Imasomoledwa pa msoko ndi lezala, cidutswa ciliconse n'kulembedwa ndi coko kuti cidziwike malo ace, kenaka n'kuyalidwa pa nsalu yatsopano podula. Wodula akumbukire kuti nsalu yokalamba inafutukuka pamene anthu anali kukhala ndipo inakhwinyata m'mbali, motero ayerekeze mbali yakumanja ndi yakumanzere asanaike sizasi.

Mkati mwa mipando ya galimoto zambiri za nthawi imeneyo muli masipuling'i, pamwamba pace saka, ndiyeno zofewetsa. Sipuling'i yothyoka ndiyo imatulukira ndi kubaya nsalu. Kuiocelera sikuthandiza, cifukwa moto umacotsa mphamvu ya citsulo cace ndipo imathyokanso pambali pa coocelaco. Ndi bwino kufuna ina pa mpando wa galimoto yakufa ndi kuimanga ndi waya. Pamwamba pace payalidwe saka latsopano, lokoka bwino, kuti siponji isadyedwe ndi zitsulo.

Pa siponji napo pali msampha. Ya matilesi ochipa imaoneka yonenepa pa sitolo, koma munthu akaikhalira miyezi yowerengeka imaphwa, wokwera n'kuyamba kumva citsulo pa bampu iliyonse. Yofunika ndi yolemera, imene imabwerera msanga ikafinyidwa ndi dzanja. Aliyense amene anayendapo pa mpando wakuphwa kucoka ku Lusaka kupita ku Chipata, ulendo wopitirira makilomita 500 wodzera m'mapiri a ku Luangwa, sangatsutse mtengo wa siponji yabwino.

Kusoka kumafuna makina amphamvu. Telala wa pa khonde la sitolo angathe kukhala waluso pa malaya, koma makina ace amavutika pamene nsalu ya rekisini, ija ambiri amaicha cikopa, yapindidwa katatu kapena kanai. Ulusi ukhale wa nayiloni, pakuti wathonje umaola ndi thukuta ndi cinyezi. Ndipo msoko ukhale wotalikirana. Singano ikabaya pafupipafupi, rekisini imang'ambika motsata timabowo monga mmene sitampa ya kupositi imang'ambikira. Mizere ya pa mpando, imene ambiri amayesa cokongoletsa cabe, imasokedwa pamodzi ndi siponji yopyapyala kunsi kwace, ndipo imathandiza kuti nsalu isamatsetsereke.

Pobveka, nsalu iyambe yaikidwa pa dzuwa kuti ifewe. M'mawa wa mwezi wa June kapena July rekisini imauma gwa, ndipo woikoka mokakamiza amaing'amba isanakhalidwe n'komwe. Kumanga timphete kumayambira pakati kupita m'mbali, uku ndi uku mosinthana, kuti makwinya athawire kunja.

Za mtundu wa nsalu, mwini galimoto ali ndi ufulu, koma amene akuganiza zodzaigulitsa asatengeke ndi veleveti wonyezimira wa mipando ya m'nyumba. Ogula galimoto zakale amayang'ana ngati mtundu ndi mizere zikufanana ndi mmene inatulukira kufakitale, ndipo mpando wosiyana ndi yakutsogolo umatsitsa mtengo. Cidutswa ca nsalu yakale cimene cinali kunsi, kumene dzuwa silinafike, cimasunga mtundu weniweni. Cimeneco ndico atenge m'thumba popita kukagula nsalu, ndipo apangane ndi mmisiri kuti adzaone masipuling'i ndi siponji ndi maso ace mpando usanatsekedwe.